Tiyi wa Lamlungu ndi kukambirana buku pa foni

Mayi, mwafunsa ngati n'zotheka kuti banja lanu la ku Dedza lizimwa tiyi wa madzulo uku likukambirana buku pa foni ndi ana anu amene ali ku Lilongwe, Johannesburg ndi London. N'zotheka, bola kutafuna ndi kuyankhula zisachitikire pamodzi. Foni imakweza kwambiri phokoso la supuni ndi makapu kuposa mawu a munthu amene wakhala patali nayo. Mphindi 15 zoyamba zikhale za moni, kumwa ndi kudya. Kenako chotsani mbale, musiye makapu okha, buku liyambe.

Nthawi yabwino ndi 3 koloko, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko ndipo chisanu cha kuno chimayamba msanga. Wa ku Johannesburg nthawi yake ndi yofanana ndi yathu. Wa ku London amatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo amatsalira ndi maola awiri. Muzimukumbutsa nthawi ikasintha.

Za tiyi: malita awiri a madzi amatulutsa makapu 8. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya masamba pa kapu iliyonse, vundikirani mphindi zinayi kapena zisanu, sefani, ndiye muike mu fulasiki. Mukasiya masamba m'fulasikimo, pofika kapu yachiwiri tiyi amakhala atawawa. Dedza ndi kokwera, madzi amawira asanatenthe ngati a kunyanja, choncho tsukuluzani fulasiki ndi makapu ndi madzi otentha musanathire, apo ayi tiyi azizira anthu asanamalize kupatsana moni. Mkaka uwiritseni paokha. Chomwera chikhale chofewa: mbatata yophika, chigumu, zitumbuwa. Chimanga chokazinga ndi mtedza zisiyeni, a ku London adzangomva kukukuta. Mandasi ndi abwino koma mafuta ake amathera m'masamba a buku, makamaka ngati ndi lobwereka.

Imbani pa WhatsApp ndi mawu okha. Vidiyo imadya bandulo kangapo kuposa mawu, ndipo netiweki ikafooka ndi imene imayamba kudukaduka. Itseguleni mphindi ziwiri poyamba kuti agogo aone zidzukulu, basi. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, ndiye ngati mwasankha imeneyo dziwiranitu. Nyumba iliyonse foni imodzi yokha pa sipika. Mafoni awiri m'chipinda chimodzi amabwezerana mawu mpaka kulira ngati mluzu. Iikeni pakati pa tebulo pa nsalu yopinda, kutali ndi fulasiki. Itchajeni m'mawa, musadalire kuti magetsi akhalapo. Ngati muli cha ku Lizulu, Tsangano kapena kufupi ndi malire a Dedza, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique yokha. Lowani m'masetingi musankhe nokha Airtel kapena TNM.

Buku lenilenilo musalichulutse. Masamba 10 kapena 15 pa sabata akwana, chifukwa wina ali kumunda, wina ali pa shifiti. Ngati buku ndi limodzi, amene ali nalo awerenge mokweza ndime imodzi kapena ziwiri zofunika, ndipo afotokoze mwachidule zimene zachitika m'mutuwo kudzera pa uthenga wa mawu pofika Lachitatu. Wotsogolera atumize mafunso atatu Lachisanu. Asakhale oti "mwalikonda?", chifukwa aliyense adzati eya n'kukhala chete. Funsani kuti "mukanakhala inu mukanatani?" kapena "walakwa ndani apa?"

Chimene chimasokoneza mabanja ambiri ndi ulemu wathu womwewu. Bambo kapena agogo akayamba kupereka maganizo, mwana sangawatsutse, mpongozi ndiye sangatsegule n'komwe pakamwa, zokambirana zimathera pomwepo. Yambani ndi wamng'ono kwambiri, akuluakulu atsirize. Wotsogolera aziitana munthu ndi dzina, popeza pa foni simuonana kuti mudziwe amene akufuna kuyankhula, ndipo aziyamba ndi akutali, amene amaiwalika msanga anthu a patebulo akayamba kuseka. Utsogoleriwo uzizungulira sabata ndi sabata. Nkhani za fizi, feteleza ndi maliro zipatseni mphindi 10 zakumapeto, buku litatsekedwa.