Yankho kwa mayi amene afunsa za eyakoni ya pa windo yonunkha chinyezi

Mayi, mwanena kuti eyakoni yanu ya pa windo yayamba kutulutsa fungo la chinyezi, siikuziziritsanso monga kale, ndipo wina wakuuzani kuti muikawonjezeretse gasi musanaichotse kuti muisunge m'miyezi yozizira. Ine ndikupempha kuti nkhani ya gasiyo muyambe mwaisiya kaye. Gasi wa m'makina amenewa, kaya ndi R-410A, R-32 kapena R-22 wa makina akalekale, amazungulira m'timapaipi totsekedwa ndipo satha monga amathera mafuta m'galimoto. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo n'kutaya ndalama. Zizindikiro ziwiri zimene mwatchulazi kawirikawiri zimachokera ku fumbi ndi madzi okhalitsa.

Musanagwire chilichonse zulani pulagi pa soketi, chifukwa kuzimitsa ndi rimoti sikudula magetsi. Kabokosi kamene muli mawaya musakatsegule n'komwe, pakuti muli kapasita amene amasunga mphamvu ya magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Yambani ndi fyuluta imene ili kuseri kwa chivundikiro cha kutsogolo. Itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, ndipo muibwezeretse pokhapokha itauma gwa. Pa nthawi imene makinawo akugwira ntchito tsiku ndi tsiku, ntchito imeneyi imafunika kamodzi pa milungu iwiri kapena inayi, malinga ndi kuchuluka kwa fumbi. Fyuluta ikatsekeka mpweya suyenda bwino, timapaipi ta mkati timazizira mopitirira muyeso mpaka kuunda madzi, ndipo m'chipinda mumangotentha pamene magetsi akupita. Mukaona madzi oundana musawagobe ndi mpeni. Zimitsani kompuresa, imene imapopa gasi m'timapaipi, musiye fani yokha mpaka asungunuke.

Kuseri kwa fyuluta, komanso kumbuyo kwa makina kumene kumakhala panja, kuli timalata ta aluminiyamu tothinana kwambiri. N'topyapyala moti ngakhale chala chimatipinda, ndipo tikapindika timatseka njira ya mpweya. Gwiritsani ntchito burashi yofewa, mukusesa motsata mizere yake, osati mopingasa. Mbali ya panja mukhoza kuithira madzi oyenda pang'onopang'ono makinawo mutawatsitsa, bola madziwo asafike pa mota ndi pa mabatani. Madzi othamanga kwambiri, monga a makina otsukira galimoto, amagwetsa timalata tonse kamodzi.

Fungo limene likukusautsanilo limachokera pansi, m'thireyi mmene mumagwera madzi ochokera mu mpweya wa m'chipinda. Fumbi likasakanikirana ndi madziwo pamakhala matope, ndipo chuku chimamera pamenepo ndi pa mapiko a fani. Pukutani zonsezo ndi nsalu ndi sopo, ndipo mutsegule kanjira kamene madzi amadutsamo popita kumbuyo. Pano ndichenjeze za cholakwa chimene anthu achangu amachita: akamva phokoso la madzi, amatenga choboolera n'kuboola pansi pa makina. Ma eyakoni ambiri a masiku ano anapangidwa dala kuti fani ya kumbuyo izitunga madziwo n'kumawaza pa timapaipi totentha, kuti tizizire msanga. Madzi pang'ono m'thireyimo si vuto, pamene kuboola kukhoza kulasa paipi ya gasi, ndipo R-32 amatha kuyaka. Chofunika n'chakuti makinawo apendekere panja pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi kapena monga likunenera buku lake, kuti madzi asabwerere m'nyumba.

Pa kasungidwe ndi pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri, chifukwa ndikuganiza kuti fungo la chaka chinoli linayambira pa kasungidwe ka chaka chatha. Mukamaliza kutsuka, dikirani kuti zonse ziume, kenaka muyatse fani yokha kwa maola angapo, ndipo mutsanule madzi otsala m'thireyi. Makina okutidwa ali onyowa amatuluka ali ndi chuku ndi dzimbiri. Powatsitsa pa windo mukhale anthu awiri, pakuti ngakhale aang'ono amalemera pafupifupi makilogalamu 20, ndipo kulemera kwambiri kuli kumbuyo, mbali imene yalendewera panja.

Asungeni ali chilili monga amakhalira pa windo, osawagoneka cham'mbali kapena kuwaika mozondoka, ngakhale malo atachepa motani. Mu kompuresa muli mafuta amene amayenderera kulowa m'timapaipi makina akagonekedwa, ndipo kompuresa ikadzayaka yopanda mafuta okwanira imawonongeka. Ngati agonekedwa kale ponyamula, aimikeni kwa maola 24 musanawayatse. Malo ake akhale ouma, pa thabwa kapena pa shelefu yolimba osati pa simenti penipeni, ndipo katoni imene anabweramo ndi yabwino kuposa pulasitiki yomata ponseponse, imene imatsekera chinyezi mkati. Tsekani mipata yoti makoswe angalowere, chifukwa amadya mawaya, pindani chingwe momasuka, ndipo muchotse mabatire mu rimoti kuti asatayikiremo.

Mukadzawabwezeretsa pa windo, alumikizeni pa soketi ya pakhoma mwachindunji, ndipo mukazimitsa muzidikira mphindi zitatu musanayatsenso. Ngati zonsezi zachitika koma mpweya ukutulukabe wofunda, kapena mukuona mafuta pa timapaipi, pamenepo itanani mmisiri wa mafiriji kuti afufuze pamene pabooka.