Kodi ndiwapatse nsima agogo amene mudzi wonse ukuti ndi mfiti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Makwasa, ku Thyolo. Anandipempha kuti ndisatchule dzina. Mwachidule nkhani yake ndi iyi: kuseri kwa nyumba yawo kumakhala agogo ena ndi kamdzukulu ka zaka 7. Agogowo miyendo inatupa, kumjigo sapitanso. Anthu amanong'ona kuti ndi mfiti chifukwa ana awo atatu anamwalira motsatizana. Mayiyu amathyola tiyi ku esiteti, ndipo poti mvula inasiya, masamba achepa, malipiro a pa fotinaiti sakufika patali. Amuna awo anawaletsa, amvekere: "Ukawapatsa chakudya n'kumwalira, adzati wawathira mankhwala ndiwe. Komanso anthu aziti timatambira limodzi." Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndikuchimwa pongoyang'ana? Nanga Mulungu sakuona kuti nanenso ndine wosauka?"

Achemwali, mantha a bambo a kunyumbawo sindikuwapeputsa ayi. Ife a kuno kumunsi kwa phiri tinaona ndi maso athu mu 2017, mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo. Anthu osalakwa anaphedwa ndi khamu pa mawu a m'maluwa. Choncho munthu akamaopa pakamwa pa mudzi, ali ndi chifukwa.

Koma tatsegulani Luka 10. M'fanizo la Msamariya wachifundo, wansembe ndi Mlevi aja amene analambalala munthu wovulazidwa ndi achifwamba nawonso anali ndi zifukwa zomveka. Msewu wotsika ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, wa makilomita pafupifupi 27, unkadutsa m'chipululu cha miyala momwe achifwamba ankabisala. Woima pamenepo akanatha kuvulazidwa nayenso. Ndipo lamulo la pa Numeri 19:11 linkati wokhudza mtembo akhala wodetsedwa masiku 7. Nanga munthu ali kwala, magazi okhaokha, ungadziwe bwanji ngati akupuma? Anali ndi vesi lowaikira kumbuyo. Tsono taganizirani Msamariya. Ayuda ndi Asamariya sankamwerana madzi. Iyeyu kutulukira panyumba ya alendo atakweza Myuda wovulala pabulu, woyamba kukayikiridwa akanakhala yani? Chimene amuna anu akuopa ndi chomwecho chimene Msamariya anasenza: kuthandiza munthu kenako n'kunamiziridwa kuti wamupweteka ndiwe.

Pali kanthu kena m'fanizoli kamene timakadumpha kawirikawiri. Msamariya sanathe zonse yekha. Anatsuka mabala ndi zomwe anali nazo m'thumba, mafuta ndi vinyo, kenako anakamusiya m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, anthu akuona, n'kusiya ndalama ziwiri zasiliva, malipiro a ganyu wa masiku awiri. Apa ndi pamene pali yankho langa kwa inu. Musapite usiku mozemba ndi kambale kobisa m'chitenje, chifukwa chobisa ndicho chimabala mijedo. Pitani masana dzuwa likuswa mtengo, muli awiri kapena atatu. Simunandiuze mpingo wanu, koma kaya ndinu a Mvano, a Dorika kapena a mphakati, kuyendera odwala ndi ntchito imene gulu lanulo limaidziwa kale. Kauzeni amayi apampando. Dziwitsaninso a nyakwawa. Mukafika ndi phala kapena nsima, chitani zomwe makolo ankachita popereka thobwa kwa mlendo: yambani mwalawa inuyo, ndipo ngati n'kotheka khalani pamphasa mudyere nawo mbale imodzi. Amene akufuna kudzanena za mankhwala adzasowa poyambira.

Za ufitizo ndinene mosapsatira. Agogo amene anaika m'manda ana atatu ndi munthu wosweka mtima, ndipo ife tawawonjezera katundu powasala. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri m'midzimu sadziwa zimenezi. Ndipo ngakhale mutakhala kuti mumtima mukukayikabe, Aroma 12:20 amati mdani wako akamva njala umdyetse. Palibe pamene analemba kuti uyambe wafufuza mbiri yake.

Tsopano za umphawi. Ndikukhulupirirani kuti ndalama palibe. Koma werenganinso kalata yanu: vuto loyamba mwatchula ndi madzi. Mukamapita kumjigo, chigubu chimodzi choonjezera sichifuna kwacha. Mtolo wa nkhuni, kuchapa zofunda, kusesa pakhomo, kutengako kamdzukuluko kuti kazidya ndi ana anu pobwera kusukulu. Miyendo yotupayo ikufuna chipatala, ndipo kukauza mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu n'kwaulere. Kwa a mfumu mukafunsenso ngati dzina la agogowa linalembedwa pa Mtukula Pakhomo, chifukwa makomo otere, osauka komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndi amene ndondomekoyi inapangidwira.

Chowiringula chimene ndimachiopa kwambiri ine si mantha kapena umphawi. Ndi mawu akuti "mawa". Chaka china m'mwezi wa July, chiperoni chitagwira masiku anayi, ndinkadutsa tsiku lililonse pakhomo pa bambo wina wokalamba kufupi ndi Chitakale. Ankakhala pakhonde atafunda thumba la feteleza, manja ali m'khwapa, akuwotha kamoto ka zitsononkho. Kunyumba ndinali ndi bulangete lomwe palibe ankafunda. Tsiku loyamba ndinati ndachedwa kuntchito. Lachiwiri ndinati ali ndi abale ake ameneyu. Lachitatu wina anandiuza kuti amamwa kachasu, akangoligulitsa, ndipo ndinamva kupepukidwa kuti ndapeza chifukwa. Lachisanu ndinamva kulira kwa amayi. Bulangete lija ndinapita nalo ndithu, koma analikulungira thupi. Miyambo 3:28 imaletsa kuuza mnzako kuti pita ukabwere mawa pamene chinthucho uli nacho pomwepo, ndipo vesi limeneli sindiliwerenganso ngati kale.

Amuna anu musalimbane nawo kapena kuwachita zamseri. Akhazikeni pansi muwafotokozere kuti simupita nokha, a mfumu akudziwa, ndipo azimayi a kumpingo akhalapo. Mukhozanso kuwapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Loweruka akaone denga la agogowo ngati udzu ulipo wokwanira mvula isanabwere. Abambo ambiri amene amakana zopereka chakudya savuta kukwera padenga.

Mwafunsa ngati mukuchimwa. Kuweruza si kwanga, koma munthu amene mtima wake uli phee sakhala pansi usiku kulemba kalata ngati yanuyi. Yambani ndi chigubu cha madzi mawa m'mawa. Mukapitako mundilemberenso, mundiuze zimene achipatala anena za miyendoyo, komanso ngati kamwanako kakupita kusukulu.