Mafunso ndi Mayankho: Kodi AI ingandiuze ngati ndikupereka uphungu bwino?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wopereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo pachipatala china chaching'ono m'dera la Mayani ku Dedza. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi amayi amene angochira kumene, achinyamata amene ali pa ma ARV, ndiponso abambo amene ngongole zawafika m'khosi. Wondiyang'anira amakhala kuboma ndipo amabwera mwa apo ndi apo, choncho palibe wondiuza ngati ndikucheza bwino ndi anthuwa kapena ayi. Mwana wa achemwali anga akuti ndizijambula mawu pafoni ndikamacheza ndi odwala, kenako ndizitumiza kwa AI, mapulogalamu a pakompyuta aja ocheza ngati munthu monga ChatGPT, kuti izindiuza pamene ndikulakwitsa. Kodi zimenezi n'zothandiza?

Mlangizi, Mayani, Dedza

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cha mtima wofuna kusula luso lanu. Tikuuzeni mosapsatira kuti musajambule mawu a odwala anu n'kuwatumiza ku makina amenewa, ngakhale kuti pali njira ina imene AI ingakuthandizireni.

Zimene mwanayo wanena zili ndi pochokera. Kwa zaka zambiri, akatswiri akhala akuyeza luso la alangizi pomvetsera mawu ojambulidwa n'kumawerengera zimene mlangizi wachita. Mu uphungu wolimbikitsa munthu kusintha khalidwe, umene anauyambitsa ndi William Miller ndi Stephen Rollnick, woyeza amamvetsera mphindi 20 za machezawo, n'kuwerenga mafunso amene yankho lake ndi "inde" kapena "ayi", mafunso opatsa munthu mpata wofotokoza, komanso nthawi zimene mlangizi wabwereza m'mawu ake zimene wodwala wanena pofuna kusonyeza kuti wamva. Mwachitsanzo, mayi akanena kuti, "Chimwalirire bambo a kunyumba mtima wanga sukhazikika," mlangizi wina amafunsa kuti, "Mumagona tulo?" pamene wina amati, "Ndikumva kuti katundu yense wa pakhomo mwamusenza nokha. Tandiuzani, usiku umatha bwanji?" Wachiwiriyu ndi amene amatsegula pakamwa pa wodwala. Ntchito yowerengayi ndi yodya nthawi, n'chifukwa chake ofufuza a ku University of Washington ndi University of Utah anaphunzitsa makompyuta kuigwira, powapatsa macheza ambirimbiri amene anthu anali atawayeza kale. Kompyuta imayamba yasandutsa mawu kukhala zolemba, kenako imaika chizindikiro pa chiganizo chilichonse cha mlangizi.

Mu 2020, ofufuza a kampani ya ieso ku England anafalitsa zimene anapeza kompyuta itasanthula maola pafupifupi 90,000 a uphungu wochita kulemberana pa intaneti. Anapeza kuti odwala ankapeza bwino kawirikawiri pamene mlangizi wathera nthawi yambiri pa njira zosinthira maganizo ndi zochita, ndipo zinkavutirapo pamene nkhani zapadera zachuluka.

Apa ndi pamene tiyenera kusamala, chifukwa muyezo umenewu unapangidwa m'Chingerezi, pakati pa anthu a chikhalidwe china. Kwathu kuno gogo wochokera ku Linthipe sangayambe kuulula za mumtima musanafunsane za kunyumba, za ana ndi za kumunda, ndipo malonje amenewa, amene kompyuta ingawaike m'gulu la nkhani zapadera, ndiwo amamupatsa chikhulupiriro choti alankhule. Makinawa samva bwino Chichewa cholankhulidwa, makamaka chikasakanikirana ndi Chingerezi, kapena munthu akamalankhulira pansi akulira. Zolemba sizisonyeza kuti mtsikana anawerama n'kumakanda mphasa ndi chala pamene munatchula malume ake. Choopsa kwambiri n'chakuti anthu athu satchula za kudzipha mwachindunji. Bambo amangoti, "Zapansi pano ndatopa nazo, anawa mudzandionere," ndipo makina akhoza kuona ngati akudandaula za kutopa wamba. AI ili ngati sikelo ya pamsika wa Lizulu, imene imakuuzani kulemera kwa thumba la kachewere koma osakuuzani ngati wam'kati wawola.

Nkhani ya chinsinsi ndiyo yaikulu koposa. Mawu akachoka pafoni yanu amakasungidwa m'makompyuta a kampani yakunja, ndipo simungathe kuwabweza. Lamulo loteteza uthenga wa anthu limene dziko lino linakhazikitsa mu 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kutetezedwa mwapadera. Kuchotsa dzina sikokwanira, pakuti m'mudzi kungotchula kuti mkazi wachiwiri wa mwini chigayo ndiye kuti mwamuulula kale. Komanso wodwala amene akudalira inu sangakane momasuka mukamupempha kuti mumujambule, ngakhale mumtima asakufuna.

Chimene tikukulangizani ndi kuyeserera. Bungwe la WHO ndi la UNICEF anakhazikitsa pulogalamu yaulere ya pa intaneti yotchedwa EQUIP mu 2022, ndipo m'menemo muli chida chotchedwa ENACT, chimene chinayambira ku Nepal pofuna kuyeza alangizi amene si madokotala a zamaganizo. Mnzanu wapantchito, kaya namwino kaya mlangizi wa zaumoyo, amakhala ngati wodwala, inu mumamupatsa uphungu, ndipo wachitatu amaona ngati mwalonjeza chinsinsi, mwamvetsera osamudula mawu, mwapewa kumuweruza, ndiponso ngati mwafunsa za maganizo ofuna kudzivulaza. Sewero lotere mukhoza kulijambula popanda choopsa, chifukwa nkhani yake ndi yongopeka.

Apa ndipo AI ingalowe. Mukhoza kuilembera kuti ikhale ngati mnyamata wa zaka 17 amene wasiya kumwa mankhwala, inu n'kumamuyankha, kenako muipemphe iwerenge mafunso anu otseka (a "inde" kapena "ayi") ndi otsegula (opatsa munthu mpata wofotokoza), ikusonyezeninso pamene munathamangira kupereka malangizo musanamve vuto lonse. Dziwani kuti makinawa amakonda kuyamikira, choncho ikakuuzani kuti mwachita bwino kwambiri musakhutire. Ifunseni malo atatu amene mukanayankha mwanjira ina, ndipo muone nokha ngati mayankhowo angamveke bwino m'makutu a munthu wa ku Mayani.

Kuti mudziwe ngati odwala enieni akupeza bwino, gwiritsani ntchito mafunso 9 a PHQ-9 oyezera kukula kwa matenda okhumudwa, amene anamasuliridwa kale m'Chichewa ndi kuyesedwa m'dziko muno. Afunseni pa ulendo woyamba ndi maulendo otsatira, muzilemba zotsatira m'kaundula, ndipo wokuyang'anirani akabwera muyambe kukambirana za anthu amene manambala awo sakutsika. Aliyense amene wavomera funso lomaliza, lokhudza kuganiza za imfa kapena kudzivulaza, mucheze naye mozama tsiku lomwelo, musamusiye yekha, ndipo mumutumize kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha boma la Dedza.