Thunderbird ikakana kulumikizana ndi Gmail

Achimwene, mwati Thunderbird, pulogalamu yowerengera maimelo pa kompyuta, ikukana kulumikizana ndi Gmail. Poti pafoni makalata akubwera bwinobwino, akaunti yanu ilibe vuto, nkhani ili pa kompyutapo. Lowani mu Account Settings ya Thunderbird muone izi: seva yolandirira ikhale imap.gmail.com, port 993, SSL/TLS, yotumizira smtp.gmail.com, port 465. Pa Authentication method sankhani OAuth2, njira yolowera kudzera pa tsamba la Google lenilenilo. Google inasiya kulola mapulogalamu otere kulowa ndi password yokha, ndiye ngakhale muilembe kakhumi, izingokukanani basi.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona yapansi kudzanja lamanja. Ine zinandionekerapo: magetsi atazima n'kubweranso, kompyuta yanga yakale inayamba kuonetsa chaka cholakwika, Thunderbird n'kumakana satifiketi ya seva, chiphaso chotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni. Ndinataya m'mawa wonse ndikunamizira intaneti, chonsecho vuto linali kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, kofanana ndi kandalama kachitsulo, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Nditasintha n'kukonza tsiku, makalata anangokhamukira.

Antivirus nayonso nthawi zina imatsekereza port, koma imeneyo muikayikire pomaliza.

Ngati ndi imelo ya kuntchito, musazigwiregwire nokha, itanani a IT. Ndipo musafufute akauntiyo musanasunge makalata akale, makamaka ngati inali ya POP, njira yomwe imatsitsira makalata pa kompyutapo.