Kamthunzi kakugwera pa zilembo m'malo mwa bokosi

Mtsikana wina wa chaka chomaliza pa maphunziro a kompyuta walemba kuti akukonza pulogalamu yowerengera katundu wa m'golosale pogwiritsa ntchito JavaFX, chida cha chiyankhulo cha kompyuta cha Java chopangira maonekedwe a mapulogalamu. Akufuna kuika kamthunzi pa mabokosi olembamo, koma kakugwera pa zilembo, mawu n'kumaoneka ngati inki yonyowa. Masiku atatu atha akulimbana nazo. Akufunsanso ngati olemba ntchito amasamala zoterezi.

Chemwali, choyamba onani mtundu wa pansi pa TextField yanuyo, bokosi lolembamo lija. Ndikuganiza kuti munalemba -fx-background-color: transparent. DropShadow, imene imajambula mthunziwo, imatsata chilichonse chimene chajambulidwa, ndiye ngati bokosi lilibe mtundu, chotsala ndi zilembo basi, mthunzi n'kukakamira pomwepo. Lipatseni mtundu woyera, kenako mu fayilo ya CSS, yofotokoza maonekedwe a pulogalamu, lembani kuti -fx-effect: dropshadow(gaussian, rgba(0,0,0,0.25), 8, 0, 0, 2); Nambala 8 ndi kutambalala kwa mthunzi, 2 yakumapetoyo ikuutsitsa pang'ono. Mukafuna kuti bokosi lioneke ngati lalowa m'kati, pali innershadow. Musaiwale kusiya mpata pakati pa mabokosi, apo ayi mithunzi ikwerana.

Ine ndikanakhala inu, mthunziwo ndikanauika pa .text-field:focused pokha, kutanthauza bokosi limene munthu akulembamo panthawiyo. Taganizirani mayi wa pagolosale: makasitomala ali pamzere, dzanja lina lili ndi chenji, diso likungoponyedwa pa sikirini kamphindi. Chimene akufuna n'kudziwa msanga kuti akalemba 2500 igwera pa mtengo kapena pa kuchuluka kwa katundu. Bokosi limodzi likatukuka pamene anzake ali phee, mthunziwo wagwira ntchito. Onse akakhala nawo, palibe chimene mwamuuza.

Za olemba ntchito, inde maonekedwe amakopa, koma masiku atatu achuluka, ndipo zikundidetsa nkhawa. Wokuyesani adzalemba "sopo" m'bokosi la mtengo kuti aone ngati pulogalamu igwa. Adzasiya bokosi lopanda kanthu n'kudina batani. Masiku otsalawa aphunzireni TextFormatter, imene imakana zilembo zosayenera munthu akungolemba kumene. Dziwaninso kuti kuyambira pa Java 11, ya mu 2018, JavaFX sibweranso pamodzi ndi JDK, phukusi la zida zopangira mapulogalamu a Java. Yesani pulogalamuyo pa laputopu ya mnzanu sabata ino, isadzakane kutseguka muli pamaso pa aphunzitsi.