Amadziwa bwanji kuti mankhwala ndi oopsa kwa ndere?

Bambo wina woweta chambo wanditumizira imelo. Akuti pachigubu cha mankhwala opha udzu m'chimanga palembedwa kuti ndi oopsa kwa zamoyo za m'madzi, ndere zomwe. Akufunsa kuti amayeza bwanji, nanga ndere n'zodandaula nazo?

Bambo, malabotale ambiri amatsata ndondomeko nambala 201 ya OECD, bungwe la mgwirizano wa maiko pa zachuma ndi chitukuko. Satapa ndere za kudambo ayi. Amaweta mtundu umodzi wodziwika bwino, kawirikawiri Raphidocelis subcapitata, kanthu ka selo imodzi kopindika ngati chikwakwa, kooneka ndi maikulosikopu basi. Amathira nderezi m'mabotolo agalasi momwe muli madzi ndi chakudya chake. Mankhwala amawasungunula pa milingo isanu kapena kuposerapo, mulingo uliwonse mabotolo atatu, ena n'kuwasiya opanda mankhwala kuti azifananizira. Magetsi amayaka usana ndi usiku, kutentha kumakhala pakati pa madigiri 21 ndi 24, mabotolo akugwedezedwa, mpaka maola 72. Tsiku ndi tsiku amawerenga maselo.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Sawerenga zakufa, amayang'ana mmene kuswana kwachepera. M'mabotolo opanda mankhwala ndere ziyenera kuchuluka kosachepera ka 16 m'masiku atatuwo. Zikalephera, ntchito yonse yapita m'madzi, ayambirenso. Pamapeto pamatuluka nambala yotchedwa EC50, mulingo wa mankhwala umene umadula liwiro la kuswanako ndi theka. Nambalayi ikachepa, ndiye kuti mankhwalawo ndi aukali. Ikakhala miligalamu imodzi pa lita kapena kutsikirapo, amaikidwa m'gulu loopsa kwambiri, lija la chizindikiro cha nsomba yakufa pambali pa mtengo wouma.

Mankhwala a udzu monga atrazine amalepheretsa chomera kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ndere zimadya mwa njira yomweyo. Madzi obiriwira a m'dziwe lanu, amene mumathirira manyowa aja, ndi ndere zimenezi. Chambo chimadya zomwezo, ndiponso masana ndi zimene zimapanga mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi. Nsomba zitha osafa ndi mankhwalawo koma n'kupinimbira ndi njala.

Botolo la mu labotale si dziwe, zoona: matope amagwira gawo la mankhwala ena, ndipo ndere zimatha kubwerera mankhwala akasuluka. Komabe ine sindingatsukire sipuleya m'ngalande yolowetsa madzi m'dziwe, kapena kupopera munda wa kumtunda kwake mvula itachita mdima.