Blantyre wakale muyambire pa HHI

Achemwali, mwafunsa kuti muli ndi tsiku limodzi lokha mu Blantyre, ndiye mbali yakale ya tauniyi ili kuti, nanga mukaoneko chiyani. Lawirirani pa mishoni ya HHI (Henry Henderson Institute), kufupi ndi depoti ya Wenela, chifukwa tauni inamera pamenepo. Amishoni a ku Scotland anafika mu 1876 m'dera la Mfumu Kapeni, n'kupatsa malowo dzina la mudzi womwe anabadwira David Livingstone.

Tchalitchi cha pamishonipo, cha St Michael and All Angels, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anatsogolera ntchitoyi ndi M'busa David Clement Scott, munthu woti sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo oumba njerwa ndi omanga anali anthu akonkuno. Ambiri amangojambulitsa pakhomo n'kumapita, komatu kukoma kwake kuli pakhoma. Zungulirani pang'onopang'ono, muyandikire. Njerwa zake ndi zamitundumitundu, zina zokhota, zina zamaluwa, zoumbidwa m'zikombole zamatabwa. Mukabwerera m'mbuyo muona kuti nsanja ziwiri zakutsogolo sizofanana. Lamulungu kumakhala mapemphero, choncho pitani mkati mwa sabata, ndipo yambani mwaodira ku ofesi musanajambule mkati.

Mukachoka apo tsikirani m'tauni. Pa Victoria Avenue pali Town Hall yakale ya 1903, koma imeneyo mphindi zochepa zikukwanirani.

Nthawi yambiri muisungire Mandala House, nyumba yosanja ya 1882 ya kampani ya African Lakes. Dzinali linachokera pa magalasi a John Moir, mmodzi mwa abale awiri oyendetsa kampaniyo. Anthu ankamutcha Mandala, mpaka dzinalo linakakamira nyumba, sitolo ndi dera lonse. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anathyola nyumba yosungira mfuti ya kampaniyi ku Mandala komweko. Musathere pansi pokha pomwera khofi, kwerani m'mwamba momwe muli laibulale ya Society of Malawi muone zithunzi ndi mabuku akale. Funsiranitu nthawi yotsegulira, chifukwa ofika Loweruka madzulo kapena Lamulungu nthawi zambiri amangoonera panja.

Dzina la Wenela lija nalonso ndi mbiri: ndi la bungwe lomwe linkalemba agogo athu ntchito ya kumigodi ya ku Joni.

Blantyre ndi wazitunda, ndiye valani nsapato zafulati. Ngati mukubwera mu Juni kapena Julayi musaiwale juzi, chiperoni chimayamba mosachenjeza. Pochoka ku Mandala kwerani minibasi ya ku Limbe mutsikire pa Chichiri kukaona myuziyamu, ngati dzuwa likadalipo.